Kodi m'malo opanda kanthu mulidi mopanda kanthu?

Tengani botolo, muchotsemo mpweya wonse, kenaka muliziziritse mpaka madigiri -273.15 Celsius, pomwe kuzizira kumathera. Mwatsala chiyani m'menemo? Ambirife tingati mulibe kanthu. Akatswiri a fizikisi amakana.

Kwa iwowa, elekitironi, kamodzi mwa tinthu ting'onoting'ono topanga zinthu zonse, si kamwala kakang'ono ayi. Chilengedwe chonse chadzaza ndi zomwe amazitcha ma field, ndipo elekitironi ndi kafunde chabe m'field yake, monga funde la panyanja lomwe simungalilekanitse ndi madzi. Kungoti nyanja imeneyi sikhala bata. Lamulo lomwe katswiri wa fizikisi Werner Heisenberg anapeza mu 1927 sililola kuti chinthu chingoti zii kotheratu, motero ngakhale mutachotsa tinthu tonse, kunjenjemera kwina kumatsala. Mphamvu ya kunjenjemerako ndiyo vacuum energy.

Onetsetsani apa tsopano. Mu 1948, Hendrik Casimir, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Philips mumzinda wa Eindhoven ku Netherlands, analingalira zitsulo ziwiri zosalala, zopanda magetsi, zitayandikana kwambiri m'malo opanda mpweya. Pakati pake pamangokwana mafunde a kunjenjemera kuja ogwirizana ndi kampatako, pomwe kunja kuli mafunde amtundu uliwonse. Akunjawo amapambana, zitsulozo n'kuyamba kusendererana zokha. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti munthu ayeze zimenezi molondola. Steve Lamoreaux ndiye anatero mu 1997, ndipo mbali imodzi anaikako galasi lokhota lokutidwa ndi chitsulo, chifukwa kuimika zitsulo ziwiri zafulati moyang'anizana ndendende n'kovuta zedi. Kampata kakachepa kufika mananomita 10, kukankhako kumafanana ndi kupanikiza kwa mpweya wonse umene tausenza pano. Kumbukirani, milimita imodzi ili ndi mananomita 1 miliyoni.

Chonde, wina asakunamizeni pa intaneti kuti akugulitsa makina otapa magetsi aulere m'mphamvuyi. Imeneyi ndi mphamvu yapansi penipeni, ilibe kotsikira kwina koti ikupatseni kanthu.

Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi china. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri a zakuthambo anapeza kuti chilengedwe chikufutukuka mowonjezera liwiro, ndipo ambiri amaganiza kuti vacuum energy ndiyo ikuchikankha. Koma akaiwerengetsa mwachidule papepala, imaposa yomwe imaoneka kuthamboko maulendo ochuluka ngati nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro pafupifupi 120. Mpaka lero masamuwo akukanabe kugwirizana.