Makalata a Omvera: Basketball ya Atsikana a M'mayunivesite

Takulandirani omvera nonse a kuno ku Thyolo, a ku Mulanje ndi konse kumene mawu athu akufika. Sabata yatha tinakamba za basketball ya atsikana, ndipo lero tili ndi makalata atatu. Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a zamasewero a ku Luchenza.

"Zikomo aulutsi. Ambiri amaganiza kuti basketball ya akazi inabadwa kuchokera ku netball, pomwe zoona zake n'zakuti netball ndiye mwana. Basketball anaiyambitsa ndi James Naismith mu 1891 ku Springfield, m'dziko la America. Chonde fotokozerani omvera za timu yoyamba ya atsikana ndi malamulo amene inkatsata."

Aphunzitsi, mwalasa. Chaka chotsatira, mu 1892, mayi Senda Berenson, amene ankaphunzitsa zolimbitsa thupi pa Smith College, anayamba kuphunzitsa atsikana masewerowa. Mu Malichi 1893 a chaka choyamba anakumana ndi a chaka chachiwiri, ndipo amuna sanaloledwe kuonerera. Mayiwa anagawa bwalo patatu, wosewera aliyense n'kumakhala m'chigawo chake osadutsa mzere. Mpira sumayenera kukhala m'manja kupitirira masekondi atatu, kuunjanjitsa kunali kosapitirira katatu, ndipo kutsomphola mpira m'manja mwa mnzako kunali koletsedwa. Osewera ntchemberembaye, simukuwazindikira malamulowa? Masewerowa atafika ku England anasinthidwa pang'onopang'ono mpaka kukhala netball imene ma Queens athu amasewera.

Matimu a atsikana a mayunivesite awiri anakumana koyamba mu Epulo 1896 ku San Francisco, pamene Stanford inagonjetsa California 2 kwa 1, mbali iliyonse osewera 9. Chomvetsa chisoni n'chakuti pofika 1899 akuluakulu a Stanford analetsa atsikana awo kupikisana ndi masukulu ena. Maganizo oti thupi la mkazi silingapirire kuthamanga bwalo lonse anakhalitsa zedi, moti malamulo a osewera asanu othamanga bwalo lonse anakhazikitsidwa kwa akazi a ku America mu 1971.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi ena a ku Chitakale.

"Aulutsi, pokamba mbiriyi musaiwale Immaculata, koleji yaing'ono ya atsikana ya Akatolika kufupi ndi Philadelphia. Holo yawo yosewerera inapsa, ankachita kubwereka mabwalo a ena, komabe motsogozedwa ndi kochi Cathy Rush anatenga chikho cha makoleji a dziko lonse la America mu 1972, 1973 ndi 1974. Funso langa: n'chifukwa chiyani makoleji aang'ono otere sanapitirize kupambana, nanga matimu a m'mayunivesite athu angatolepo chiyani?"

Amayi, zikomo potikumbutsa. Chimene chinasintha zinthu ndi lamulo la mu 1972 lotchedwa Title IX, loletsa kusala akazi m'masukulu olandira ndalama za boma. Mayunivesite akuluakulu anayamba kulipirira sukulu atsikana aluso, kulemba makochi okhazikika ndi kupereka ndalama za maulendo, ndipo osewera abwino anapita kumene kunali zimenezi. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'mayunivesite ku America, linayamba mpikisano wa akazi mu 1982. Pat Summitt anaphunzitsa timu ya Tennessee kuyambira 1974 mpaka 2012, napambana masewero 1,098 ndi zikho 8. Timu ya Connecticut, pansi pa Geno Auriemma amene anayamba mu 1985, inapambana masewero 111 motsatizana pakati pa 2014 ndi 2017.

Taonani zaka zimene makochi awiriwa anakhala aliyense pa timu imodzi. Kwa ine phunziro lagona pamenepo, chifukwa timu ya pa yunivesite imataya osewera chaka chilichonse akamaliza maphunziro. Ikadalira gulu limodzi lomwe linalowa pamodzi, imafa tsiku limene gululo lavala magauni. Kuno tili ndi yunivesite ya MUST ku Ndata, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo malangizo anga kwa iwo ndi kwa koleji iliyonse ndi awa. Pa osewera 12, atatu kapena anayi azikhala a chaka choyamba, ndipo azilowa m'bwalo ndithu, osangokhala pa benchi kusunga madzi. Pakhale munthu wogwira ntchito pasukulupo woyang'anira timu, chifukwa kaputeni amachoka. Pakhalenso buku lolembamo tsiku la masewero, timu yomwe mwakumana nayo, mapointi a aliyense ndi mafaulo. Masamba a pa Facebook amatayika mwini pasiwedi akachoka, koma buku losungidwa ku ofesi ya zamasewero limakhala. Zigoli za mu 1896 tikuzidziwa lero chifukwa wina anazilemba.

Yomaliza yachokera kwa bambo ena a mu komiti ya sukulu ku Bvumbwe.

"Tili ndi bwalo la simenti la netball la mamita 30.5 mulitali ndi 15.25 mulifupi. Kodi lingakhale la basketball? Nanga atsikana ozolowera netball amalakwitsa pati?"

Lingakhale, bambo, poti la basketball ndi mamita 28 kwa 15. Jambulani mizere yatsopano ndi penti ya mtundu wina. Kutalika kwa ring'i n'kofanana, mamita 3.05, koma ya netball ndi masentimita 38 kukula kwake pomwe ya basketball ndi 45, choncho musangokhomera bolodi pa mtengo wakale. Bolodi ndi mamita 1.80 kwa 1.05, m'munsi mwake mukhale mamita 2.90 kuchokera pansi, ndipo ilowe m'bwalo mamita 1.20 kuchokera pa mzere wakumapeto. Apa ndi pamene owotcherera ambiri amaphonya: amaimika chitsulo pa mzere penipeni, mwana wothamangira kukagoletsa n'kudzigunda. Chitsulo chikhale kunja kwa bwalo, chikhale ndi mkono wotulukira kutsogolo, ndipo muchikulunge ndi siponji. Mzere woponyera faulo uli mamita 5.80 kuchokera kumapeto, wa mapointi atatu uli mamita 6.75 kuchokera pakati pa ring'i. Mpira wa akazi ndi saizi 6, ndipo gulani wa labala, chifukwa wachikopa simenti imaudya msanga. Ndi mvula ya kuno simenti imamera ndere, ndiye muzikwecha ndi bulashi yolimba, ndipo pakanyowa musasewere.

Wa netball amabwera ndi maso akuthwa popatsirana mpira, koma akaulandira amaima. Akayamba kunjanjitsa amamenya ndi chikhatho maso ali pansi, m'malo mokankha ndi zala maso ali kutsogolo. Poyamba kunjanjitsako amanyamula phazi lotsamira mpira usanachoke m'manja, woimbira n'kuliza wezulo. Akagwira mpira ndi manja awiri atanjanjitsa, saloledwa kuyambiranso. Potchinga amaima patali masentimita 90 monga anazolowera, pomwe kuno ungayandikire bola osagunda mnzako. Mpira ukaponyedwa amangoyang'ana m'mwamba, osamuika mdani kumsana kuti ukaphonya autole ndi iye. Mphindi 15 zoyamba tsiku lililonse azinjanjitsa ndi dzanja lamanzere ndi lamanja mosinthana, kenako aziphunzira kugoletsa pomenyetsa pa bolodi kuchokera mbali zonse ziwiri.

Chimodzi musachinyozere: atsikana amavulala mtsempha wa m'kati mwa bondo kawirikawiri kuposa anyamata. Aphunzitseni kutera ndi mapazi onse awiri, mawondo atapinda pang'ono ndipo osagwera m'kati, ndipo azichita zimenezi maulendo khumi asanayambe kusewera. Nthawi yatithera omvera, makalata otsala tiwerenga sabata ya mawa.