Mawu a m'mawa: Akamwalira wa cholembera chakuthwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lero tiwerenge 2 Samueli 1:17-27.

Mtolankhani wa zamasewera wolemba mosapsatira akamwalira, anthu amagawikana. Ena amati wapita munthu wonena chilungamo. Ena amangoti ziii, akukumbukira tsiku limene anawanyazitsa m'nyuzipepala.

Ku America kunali Dick Young, wolemba za masewera a baseball mu New York Daily News. Mu 1977 analimbana ndi katswiri wa timu ya New York Mets, Tom Seaver, pa nkhani ya malipiro, mpaka analowetsamo mkazi wa Seaver, ati akuchitira nsanje mkazi wa wosewera wina, Nolan Ryan. Seaver anakwiya napempha kuchoka, timu n'kumutumiza ku Cincinnati Reds. Ochemerera Mets ambiri anamusungira Young chakukhosi. Komatu Young yemweyo anali mmodzi mwa oyamba kulondola osewera kuchipinda chosinthira zovala kukamva maganizo awo masewera akatha. Anamwalira mu 1987. Munthu wotere timukumbukire bwanji?

Davide anakumana nazo zoposa apa. Sauli anamuponyera mkondo, anamusakasaka m'chipululu. Koma uthenga wa imfa ya Sauli utamufika ku Zikilagi kumene ankakhala, Davide anang'amba zovala zake, nalira, osadya mpaka madzulo. M'nyimbo yake ya maliro anatama lupanga la Sauli, anakumbutsa ana aakazi a Israeli za zovala zofiira ndi zagolide zimene mfumuyo inawaveka. Za mkondo uja sanatchule. Koma taonani, sananame: palibe pamene anati Sauli ankamvera Mulungu. Ndipo Baibulo lomweli silinabise za ansembe 85 a ku Nobu amene anaphedwa Sauli atalamula (1 Samueli 22:18).

Chimandidandaulitsa ine ndi changu chathu. Mtembo wa mtolankhani wotere usanalowe m'manda, tayamba kale kutumizirana pa foni zolemba zake zakale, uku tikuseka, kuiwala kuti ana ake akuwerenga nawo. Amene cholemberacho chinawalasa tisawakakamize kulira, bala ndi lawo. Koma Miyambo 24:17 imatiletsa kukondwera mdani wathu akagwa, ndiye kuli bwanji munthu amene tinkangosiyana naye maganizo pa za mpira?

Tipemphere. Atate, tonthozani banja lililonse limene likulira munthu amene ena akumunyoza. Chiritsani amene anapwetekedwa ndi mawu ake. Gwirani lilime lathu ndi zala zathu tikamalemba lero. M'dzina la Yesu, Amen.