Pengwini ndi ntchentche: imodzi imatsukidwa ndi manja, inayo timaipopera mankhwala

Anthu anga muli bwa, takulandiraninso. Lero ndabwera ndi mbalame yosauluka komanso ntchentche yosauluka, eya mwamva bwino, musachoke.

Choyamba, pengwini, tithamange. Ndi mbalame, imaikira mazira, mapiko ake ndi opalasira m'madzi, imadya nsomba. Ndipo si onse amakhala kozizira, inu muli ku Cape Town pitani ku Boulders Beach mukawaone akutsetsereka pamchenga dzuwa likuswa mtengo.

Chachiwiri, mavuto ake. Pengwini wa ku Africa kuno mu 2024 a IUCN, bungwe loona za chilengedwe padziko lonse, anamuika m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu, mabanja oswana sakufikanso 10,000, vuto lalikulu ndi njala poti tinsomba ta sardine ndi anchovy tikuchepa ndipo masitima ausodzi akufunanso tomweto. Mu 2000 sitima ya Treasure itamira, mafuta anadetsa mapengwini pafupifupi 19,000, anthu anakhamukira kukawatsuka mmodzimmodzi ndi manja.

Ngati simunadine subscribe dinani pano, kabelu kajanso, sizilipiritsa.

Chachitatu, ntchentche, ndipo apa ndikhalitsa chifukwa nkhani yoti "ntchentche ilibe ntchito, ndi yakuchimbudzi basi" imandinyansa. Bodza limenelo! Imene imatera pansima yanu ija ndi mtundu umodzi chabe, mitundu yodziwika ndi yoposa 150,000. Kaimeni pansi pa mtengo wa mango ukamachita maluwa muyang'ane bwinobwino, muona ntchentche zobiriwira zija zili yakaliyakali kunyamula mungu, ndiye mango mukudya mu Disembala aja muziyamika ndani? Chokoleti nayenso, maluwa a koko amadalira tintchentche tochepa kuposa njere ya mpunga. Galu wofa pamsewu amamumaliza ndani, si mphutsi? A ku Nkhata Bay mundiyankhe m'makomenti, nkhungu ija imafuka panyanja ngati utsi ndi ya banja lomweli, usipa umadya imeneyo, inu n'kudya usipawo, ena nkhunguyo amadya yomwe.

Ntchentche yosauluka ija ili ku Antarctica, kozizira koopsa kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, dzina lake Belgica antarctica, ilibe mapiko, siposa mamilimita 6, komatu mwa nyama zokhala pamtunda moyo wake wonse kumeneko yaikulu ndi iyoyo, pengwini saliwerengedwa poti chakudya chake chili m'nyanja. Imakhala mphutsi zaka 2, kuuma ndi chisanu n'kudzukanso, ikakula imangokhala masiku 7 mpaka 10.

Chachinayi, kuteteza. Ku California kuli ntchentche ya Delhi Sands, mu 1993 inakhala ntchentche yoyamba kutetezedwa ndi lamulo ku America, ndipo omanga nyumba anakwiya koopsa kuti ntchito ziime chifukwa cha ntchentche. Pengwini atadetsedwa palibe anafunsa kuti sopo alipira ndani.

Sabata yamawa tikamba za mileme, mutumizireni vidiyoyi mnzanu uja amaopa chilichonse chouluka usiku.