Mbalame yolira ngati bulu, nkhani za kuno ku Cape Town

Moni moni nonse a ku Mangochi, a pa boma, a ku Makawa, Malindi, Namwera mpaka ku Monkey Bay uko. Ndine yemwe uja, mwana wa msodzi amene pano ndikutchetcha kapinga m'magaladeni a eni ake kuno ku Cape Town. Mukamva chiphokoso kumbuyoku musadabwe, pa denga pano patera hadeda ndipo siyimva zoti munthu akujambula ayi.

Hadeda imeneyi ndiye alamu yathu kuno. Ndi chimbalame chotuwa cha mlomo wautali wokhota, chikangodzuka mbandakucha chimakuwa haa haa haa ngati munthu waponda moto, ndiye masana chimanditsatira pa kapinga ndikathirira madzi, nkumabaya pansi kusaka nyongolotsi. Kwathu m'mbali mwa Shire iliko koma kuno yazolowera anthu mpaka mwano. Koma lero nkhani si imeneyo, ndi ya mapengwini, mbalame za m'nyanja zolira ngati bulu.

Sande yapitayi abwana anandipatsa ofu ndiye ndinakwera sitima mpaka ku Simon's Town, ndimafuna ndikaone ndi maso anga zimene anzanga amandiuza zoti pa Boulders Beach pali mapengwini. Ine ndimayesa pengwini amakhala kozizira kokhakokha kumene kuli madzi oundana, zapa TV zija, kumene ayi ndithu, awa ndi a muno mu Africa momwemuno, amapezeka ku South Africa ndi Namibia basi. Pa geti polipira pasipoti yathu ya Malawi inandithandizako, ife a m'maiko a SADC amatitsitsira mtengo, osati ngati wa azungu ochokera kunja.

Abale inu, kanthu kake nkakafupi, kungopitirira bondo pang'ono, kumsana kwakuda kumimba koyera ngati kavala suti ya ukwati, kayendedwe kake kodzandira ngati ankolo ena akuchokera ku kachasu. Pamwamba pa maso kali ndi kakhungu kofiirira, kukatentha magazi amathamangira pomwepo kuti thupi lizizire. Timadontho takuda ta pa chifuwa aliyense ali ndi take, palibe awiri ofanana. Ndiye ndili chiimire ndikujambula pa foni kamodzi kanangotukula khosi nkulira, ine kutembenuka kufunafuna bulu. Bulu weniweni wapa ngolo aise! Ndinaseka mpaka mzimayi wina wachizungu anandiyang'ana ngati ndapenga.

Kuuluka sauluka. Mapiko aja ndi nkhafi, akalowa m'madzi ndi pomwe umaona kuti pamtunda paja amangotinamiza, liwiro lake ngati mcheni ukuthamangitsa usipa. Ine ndakulira pa nyanja, nkhwazi ndaiona kambirimbiri ikutsika nkutola chambo ndi zikhadabo, mbalame zakuda zija za pa chilumba cha Boadzulu zomira m'madzi ndimazidziwa, koma zonsezo zikakhuta zimauluka. Iyi ayi, moyo wake wonse ndi wapansi ndi m'madzi. Ndipo kamodzi pa chaka amathothoka nthenga zonse, pafupifupi masabata atatu amangokhala pa mwala osalowa m'madzi osadya kanthu chifukwa popanda nthenga zabwino madzi akuno ozizirawa sangawapirire. Ndinaona kamodzi kali nyankhalala, nthenga mbwee pansi, kakungoyang'ana nyanja, ndinakumbuka miyezi yanga yoyamba kuno ndisanapeze ganyu, kumangokhala pa khonde la mnzanga mimba ili pululu.

Chimene chandikhudza nchakuti akutha. Mu 2024 anawaika pa gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo chifukwa chachikulu ndi njala, tinsomba tating'ono timene amadya, ma sardine ndi anchovy, tinachepa poti zombo zikuluzikulu nazo zimafuna tomweto. Amene munaona Malombe nthawi imene chambo chinali chambo, kenako makoka a maso ang'onoang'ono nkusesa zonse mpaka tatsala ndi kambuzi, nkhaniyi simufuna womasulira. Bambo anga ankati nyanja siitha. Inatha tikuona. Ndiye ngati njala siyokwanira, mu 2021 pa Boulders pomwepa mapengwini 63 anafa atalumidwa ndi njuchi, tangoganizani, njuchi.

Koma imene ndakhala ndikuiganiza sabata yonse ndi ya mu 2000. Chombo china dzina lake Treasure chinamira pakati pa Robben Island, kundende kwa Mandela kuja, ndi Dassen Island, mafuta nkutayikira m'nyanja. Mapengwini pafupifupi 19,000 anadetsedwa ndi mafutawo, anthu anadzipereka kuwasambitsa mmodzimmodzi uku akuwajompha manja, poti mlomo wake ndi lumo. Enanso ochuluka chimodzimodzi amene mafuta anali asanawakhudze anawakweza m'malole kukawasiya ku Port Elizabeth, makilomita pafupifupi 800, kuti pamene azisambira kubwerera kwawo anthu akhale atakonza nyanja. Ndipo anabwereradi, okha, opanda mapu opanda pasipoti opanda wowafunsa mapepala pa Beitbridge.

Ine basi ilipo, msewu ndikuudziwa, koma chaka chino nchachinayi ndisanabwere kumudzi. Amayi ngati mwana wa achemwali wakutsegulirani izi pa foni, ndamva uthenga wanu wa malata aja, ndituma kumapeto kwa mwezi. Hadeda ija yaitana anzake, apa sitimvananso.