Kwa alamu ku Chibavi: za makina okwechera matabwa aja

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi mwatumiza pa WhatsApp zija ndaziona, za mafelemu akukana kukumana m'ngodya aja. Ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike. Makinawo sanafe ayi, musavutike kuwakweza pa kabaza kupita nawo m'tauni. Vuto lili pa katebulo kali kutsogolo kwa chimbale chozungulira chomatidwa sandipepala chija.

Yambani mwazula pulagi kukhoma. Kuzimitsa pa switchi sikokwanira, chigongono chikhoza kuigunda zala zili pachimbale.

Tsono manambala a madigiri analembedwa m'mbali aja, pamodzi ndi kamuvi kake, aiwaleni. Pa makina otchipa ngati amenewa amanama. Khulupirirani sikweya yanu yachitsulo, koma nayonso muiyese kaye: itsamiritseni m'mbali mwa thabwa lowongoka, lembani mzere ndi pensulo, itembenuzeni, lembaninso pomwepo. Mizere ikasiyana, ndiye kuti sikweyayo ndi yokhota, bwerekani ina. Ikakhala bwino, iimikeni patebulo itsamire chimbale, masulani bawuti, sunthani tebulo mpaka kuwala kusiye kudutsa pakati. Mukamanga muyezenso, chifukwa tebulo limakonda kutsika pang'ono pomanga pomwepo. Mpata wa pakati pa tebulo ndi chimbale usapitirire mamilimita 2, kuopa kuti kathabwa kangalowemo n'kukokedwa.

Kenako onani kangalande kamene mumayenda chotsamiritsa thabwa chija. Yezani kuchokera pakangalandeko kufika pachimbale, kumanzere ndi kumanja. Muyeso ukhale umodzi. Ukasiyana, mabawuti ake ali kunsi kwa tebulo.

Apa ndiye mundimvetse, alamu. Felemu ili ndi ngodya 4, kutanthauza kuti nsonga zokwecha ndi 8. Mukaphonya ndi theka la digiri pa nsonga iliyonse, diso silingaone, koma pofika ngodya yomaliza mwaphonya ndi madigiri 4. Ndi dzenje lija mukulitseka ndi guluu ndi utuchi lija, ndipo wogula amaona, ngakhale sanena. Ndiye musayesere pa matabwa abwino. Tengani zidutswa ziwiri zotsala, kwechani pa madigiri 45, zigundanitseni, lowetsani sikweya mkati. Zikakana, sunthani chotsamiritsacho pang'ono kwambiri, bwerezani. Zikagwirizana, musadalirenso kachitsuloko, kamagwedera. Khomani kathabwa pa pulayiwudi motsata ngodya mwapezayo, kunsi muikeko kamtengo kolowa thithithi m'kangalande. Basi, tsiku lililonse mudzingoikapo.

Dzanja nalo limalakwitsa. Kwechani mbali imene chimbale chikutsikira pansi, kuti thabwa lizikanikizika patebulo. Kumphepete kwa chimbale kumadya msanga kuposa pakati, choncho mukaimitsa thabwa malo amodzi limadyeka mopendekera. Muziliyendetsa uku ndi uku. Ndipo osakankha ndi mphamvu, katebuloko kamagwidwa ndi bawuti imodzi, kamawerama. Dulani ndi sowo pafupi ndi mzere, makina angomaliza milimita imodzi yotsalayo.

Ngati zikukanabe, gwirani pensulo patebulo, nsonga itatsala pang'ono kukhudza chimbale, muchizungulitse ndi dzanja. Ikamakhudza mbali imodzi yokha, chimbale chikuvina. Kawirikawiri amakhala guluu wakale wotsalira kuseri kwa sandipepala. Matulani, pukutani ndi thinner, mumate wina. Muonenso kasikuluwu kogwira chimbale ku mota, kamamangidwa ndi Allen key.

Za lamba wa sandipepala wapamwamba uja sindichulutsa: akamathawira mbali, potozani kachitsulo kowongolera pang'onopang'ono makina akuyenda, ndipo poika watsopano tsatirani muvi uli mkati mwake.

China n'chakuti paini wa ku Chikangawa ali ndi utomoni. Umatseka sandipepala, ndiye m'malo modya amangowotcha thabwa, inu n'kumawonjezera mphamvu. Akayamba kunyezimira, sinthani. Komanso matabwa ambiri amagulitsidwa asanaume, ndi chinyezi cha ku Mzuzu icho. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi, ngodya n'kutseguka cha mkati patapita milungu, ngakhale munakonza bwinobwino. Pamenepo makina alibe mlandu. Muziwasanja kaye m'nyumba, timitengo pakati, mpaka aume.

Sandipepala wa chimbale ndi wa mamilimita 150, lamba ndi 100 kwa 915. Ndagula kuno ku Joni a nambala 80 ndi 120, ndipatsira munthu wa basi kutha kwa mwezi. Mukayesa zidutswa ziwiri zija, jambulani sikweya ili mkati munditumizire. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.