Bambo amene ankasema Lusaka pa thabwa

Moni nonse amene mukumvera, a kumudzi ndi anzanga apaulendo. Lero za lendi ndi mtengo wa ufa tizisiye kaye. Ndikufuna tikambe za Henry Tayali, mmisiri wa zojambula ndi zosema wa ku Zambia.

Amalawi ambiri kuno ku Lusaka, Showgrounds timaidziwa pa nthawi ya chionetsero cha zaulimi basi, tikapita kukaona ng'ombe zonenepa n'kudya soseji. Komatu mkati momwemo muli nyumba ya zaluso yotchedwa dzina la bamboyu. Anabadwira ku Serenje mu 1943, koma anakulira ku Bulawayo kumene bambo ake ankagwira ntchito. Mwana wa apaulendo ameneyo, ngati ana a agogo athu aja anapita ku Halale. Anaphunzira ku Makerere ku Uganda, kenako ku Düsseldorf ku Germany, n'kubwera kudzagwira ntchito pa UNZA, yunivesite ya Zambia. Chiboliboli cha wophunzira wovala gauni chili pa yunivesitepo ndi ntchito ya manja ake. Anamwalirira ku Aachen, ku Germany, mu 1987 ali ndi zaka 43 zokha.

Ankapenta, ankaumba, koma ine zimene zimandigwira mtima ndi zodinda zake. Kachitidwe kake nkotere: umatenga thabwa losalala, n'kujambulapo, kenako n'kumagoba ndi tchizulo. Pamene wagoba padzatuluka poyera, pamene wasiya ndi pamene pamagwira inki. Ukatero umagoneka pepala n'kutsindika. Chithunzi chimatuluka chotembenuka, monga chidindo cha amfumu chimene malemba ake amaasema chobwerera. Ndiye ukagoba molakwitsa palibe chofufutira, chapita chapita. Ine telala wa ku Kamwala ndikamva zimenezi ndimagwedeza mutu, chifukwa nsalu ya kasitomala ukaidula udyo sumata.

Nanga ankasema chiyani? Anthu. Khamu lothinana, omwa mowa m'mabala a m'makomboni, nkhope zotopa, zakuda ndi zoyera basi. Pa makalendala a makampani amatiikira Findeco House ndi Cairo Road yopanda ndi munthu mmodzi yemwe, ngati mumzinda muno mumakhala nyumba zokhazokha. Bodza limenelo. Imani pa City Market dzuwa likamalowa, angwangwazi, oitanira anthu m'minibasi, akukuwa za Matero ndi Chawama, amayi a tomato akuthawa minibasi ndi beseni pamutu, mawilibala akukupondani zidendene. Lusaka amene tikukhala ife ndi ameneyo, ndipo ndi amene ndimamupeza m'zodinda za Tayali, ngakhale padutsa zaka zambiri.

Sanali yekha. Mayi Cynthia Zukas, obadwira ku Cape Town mu 1931, nawonso anadziwika ngati katswiri wa zodinda, ndipo mu 1986 iwo ndi anzawo, Tayali ali pomwepo, anayambitsa Lechwe Trust kuti ntchito za amisiri a Zambia zisamangothera m'manja mwa alendo ozitengera kunja. Nyumba yawo yoonetsera zithunzi ili mu Lagos Road, ku Rhodes Park.

Ubwino wa zodinda ndi wakuti thabwa limodzi limabala zithunzi zingapo, ndipo mmisiri amalemba nambala pansi ndi pensulo, kaya 3/20, kusonyeza chachitatu mwa makumi awiri. N'chifukwa chake mtengo wake umatsikirako poyerekeza ndi chopenta. Kutsikirako ndati, osati kutchipa. Musapite ndi ndalama ya ndiwo.

Sabata yamawa tidzakamba za ulendo wa basi kuchoka pa Intercity kudzera ku Chipata mpaka pa Mwami, ndi katundu amene amavutitsa pa boda. Tsalani bwino.