Kafukufuku wati mankhwala agwira ntchito, nanga wodwalayo akumva kusintha?

[Wolankhula waima pa bolodi, choko chili m'manja. Alemba 27% mbali ina, 0.45 mbali inayo.]

Moni nonse amene mukuonera. Nambala ziwiri ndalembazi zikuchokera pa kafukufuku mmodzi, mankhwala amodzi, odwala omwewo. Yoyambayi ndi imene inamveka paliponse chakumapeto kwa 2022. Yachiwiriyi anthu ambiri sanaimveko. Ndikufuna tikamamaliza mukhale mukudziwa chifukwa chake ine mtima wanga uli pa yachiwiriyi.

Mankhwala ake ndi lecanemab, opangidwa ndi makampani a Eisai ndi Biogen, a matenda a Alzheimer's, aja munthu amayamba kuiwala pang'onopang'ono mpaka osazindikiranso ana ake. Kafukufukuyo ankatchedwa Clarity AD. Munalowa anthu 1,795 a zaka 50 mpaka 90, onse matendawa atangoyamba kumene. Theka ankalandira mankhwala enieni pa diripi milungu iwiri iliyonse, theka linalo ankalandira placebo, kutanthauza diripi yooneka chimodzimodzi koma mulibe mankhwala. Anawatsatira kwa miyezi 18.

Tsopano kuiwala umakuyeza bwanji? Kulibe sikelo ngati ya kusikelo ya ana. Dokotala amakhala pansi ndi wodwalayo komanso womusamalira n'kumafunsa. Kodi amayi akukumbukira zimene zinachitika sabata yatha? Akudziwa kuti lero n'lachingati? Akapita kusitolo amawerenga chenji okha? Akuphikabe? Akusamba ndi kuvala okha? Mbali zake n'zisanu ndi chimodzi, iliyonse imapatsidwa mfundo kuyambira 0 mpaka 3. Mukaphatikiza zonse mupeza mzere wochoka pa 0 kufika pa 18.

[Ajambula mzere wautali, aika tizigawo 18.]

Apa pa 0 munthu ali bwinobwino. Uko ku 18 sangachite kanthu payekha. Anthu a m'kafukufukuyu anayambira cha apa, pa 3 ndi kapamwamba pang'ono. Itatha miyezi 18, gulu la placebo linasuntha ndi 1.66 kulowera koipa. Gulu la lecanemab linasuntha ndi 1.21. Muonetsetse, palibe gulu limene linabwerera m'mbuyo kupita kwabwino. Onse matenda anakula, kungoti ena anakula mochedwerapo. Mukachotsera, 1.66 kuchotsa 1.21, mutsala ndi 0.45. Mukagawa 0.45 ndi 1.66, ndi pamene pakutuluka 27 pa 100 ija.

[Aika chala chimodzi pa mzerewo.]

Chala changachi chaphimba 0.45 yonse. Pa mafunso ambiri aja, kasitepe kakang'ono kwambiri kamene dokotala angalembe kwa munthu mmodzi ndi 0.5. Ndiye kuti kusiyana kwa magulu awiriwa sikunakwane n'komwe kasitepe kamodzi.

Komatu palibe amene ananama. 27 pa 100 ndi yoona. Ofufuza anawerengetsanso n'kupeza kuti kusiyana kumeneku sikunangochitika mwamwayi. Mukamva akatswiri akuti zotsatira zili "significant", kawirikawiri akungotanthauza zimenezo, kuti si mwayi ayi. Sakunena kuti kusiyanako n'kwakukulu. Mukayeza anthu ochuluka kwambiri, ngakhale kakusiyana kochepa ngati kambewu ka mpiru kamaoneka ndithu kuti kalipo. Funso la mwana wa wodwalayo ndi lina: kodi ine pakhomo pano ndidzaona kuti amayi asintha?

Funso limeneli ofufuza ali nalo ndi njira yake. Amafufuza kuti pa muyezo uliwonse, kusintha kochepetsetsa kumene wodwala, womusamalira kapena dokotala angakuzindikire n'kotani. Pa muyezo wa 18 uwu, kafukufuku wina wa m'mbuyomo anapeza kuti ndi pafupifupi mfundo imodzi kwa amene angoyamba kuiwala, ndipo imaposa pamenepo matenda akakulako. 0.45 sinafike ngakhale theka lake lenileni la imodzi. Oikira kumbuyo mankhwalawa amayankha kuti simungatenge muyezo wa munthu mmodzi n'kuweruzira avareji ya gulu lonse, chifukwa m'gulumo ena anapindula kwambiri, ena sanapindule n'komwe. Amatinso mukasandutsa nambalayi kukhala nthawi, ndi ngati matenda achedwa ndi miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi. Mfundo imeneyi sindiipeputsa. Amene anasamalirapo kholo loiwala amadziwa kuti miyezi isanu bambo akukutchulabe dzina si chinthu chochepa.

Koma phindu silibwera lokha. Mwa anthu 100 alionse amene analandira lecanemab, pafupifupi 13 anapezeka ndi kutupa mu ubongo atawajambula pa MRI, makina oona m'kati mwa thupi, pamene kwa a placebo sanakwane 2. Ambiri sanamve kanthu m'thupi, koma ena anadwala nako. Panalinso kutuluka kwa timagazi mu ubongo, 17 pa 100 poyerekeza ndi 9. Onjezani ulendo wa kuchipatala kawiri pa mwezi monga zinalili m'kafukufukuyo, kujambulitsa mutu kangapo, ndi mtengo umene ku America anauika mu 2023 pa madola 26,500 pa chaka.

[Afufuta mbali ina ya bolodi.]

Nkhani yotere si yachilendo. Pa khansa ya pancreas, chiwalo chija chimapanga insulin, anayesa kuphatikiza mankhwala a erlotinib ndi mankhwala akale a gemcitabine mwa odwala 569. Pakatikati, olandira mitundu iwiri anakhala ndi moyo miyezi 6.24, enawo miyezi 5.91. Masamu anavomereza kuti si mwayi, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaloleza mu 2005. Muwerengere masiku: ndi pafupifupi 10. Masiku 10, ndipo ambiri ankatuluka zidzolo ndi kutsekula m'mimba. Alipo amene angawafune masiku amenewo, ndipo ndi ufulu wawo, bola auzidwe poyera kuti ndi masiku 10.

Tsopano ndikuonetseni mmene phindu losakayikitsa limaonekera. Mu June 2020, Covid-19 itavuta, kafukufuku wa RECOVERY wotsogozedwa ndi yunivesite ya Oxford analengeza zotsatira za dexamethasone, mankhwala akale, otsika mtengo, opezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse. Mwa odwala amene anali pa makina othandiza kupuma, 41 pa 100 anamwalira m'masiku 28 akapanda kulandira mankhwalawa. Olandira anamwalira 29 pa 100. Pamenepa imfa zinatsika ndi pafupifupi 30 pa 100, nambala yoyandikana ndi 27 ija tinayamba nayo. Koma chimene chikuwerengedwa apa ndi maliro. Mukapatsa odwala asanu ndi atatu a pa makina, mwapulumutsa mmodzi amene akanapita. Apa sipafunika katswiri wofotokozera banja kuti zathandiza, munthu wawo watuluka m'chipatala akuyenda.

Ndipo m'kafukufuku yemweyo, kwa odwala amene sankafunika okosijeni, dexamethasone sinathandize, mwinanso inawapweteka. Ndiye mukamva kuti mankhwala agwira, mufunsenso kuti agwira kwa ndani, chifukwa mwina m'bale wanu sakufanana ndi anthu amene anayesedwawo.

[Abwerera pa mzere wa 18 uja.]

Lecanemab uja zinamuthera bwanji? FDA inamuvomereza kwathunthu mu July 2023. Ku Britain, mu August 2024, bungwe loona za chitetezo cha mankhwala la MHRA linapereka chilolezo. Tsiku lomwelo bungwe la NICE, limene limaunika zimene zipatala za boma za NHS zizilipira, linapereka ganizo lake loyambirira kuti ayi, phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi ndalama ndi ntchito yoyang'anira odwalawo. Onse anawerenga 0.45 yomweyi. Ine ndikanakhala ndi kholo langa m'chipinda cha dokotala, ndikanapempha kuti andijambulire mzere uwu papepala, aike chala pamene amayi ali lero, kenako andionetse pamene akuyembekezera kuti adzakhale pakatha chaka ndi theka, ndi diripi komanso popanda diripi.